A Muhiwa ndi Udzudzu wa mu Chingwe

Dzulo chakwana chaka chiwaikire m'manda a Muhiwa, ndiye ndati ndilembe, ngakhale kuti ine sukulu ndinalekera sitandade seveni ndipo cholembera ndimachigwira ngati mpeni wosendera chinangwa. Ndikulemba mwana ali pamwendo panga, akukoka pepala, likati khwaa iye n'kuseka. Kuseka kumeneko mukusunge, tikupezanso kutsogoloku.

Ndiyambire pa maliro, poti ndi maliro okhawo amene ndinaonapo anthu akuseka misozi ili chuchuchu. Achibale anabwereka zokuzira mawu ku Boma, masipika akuluakulu awiri ndi laputopu yoyimbira nyimbo. Bambo amene anabwera nazo sanali wa kuno ku Thuchila, sankadziwa kuti wagona m'bokosimo ndi ndani. Anangolumikiza zinthu zake mmene anazolowerera, tchaja ku jenereta, laputopu ku tchaja, foni yake ku laputopu, basi. Atangoyatsa, m'masipika munayamba kulira kanthu, ng'iiii, pansi pake kena kakuti mmmm. Tonse tinatembenukira ku bokosi. Zoona, tonse, ngakhale abusa. Tinkangoona ngati chivundikiro chitseguka, munthu n'kudzuka n'kufunsa kuti wachita zimenezi ndani.

Amene anaimirira ndi aphunzitsi a Chikopa, otiphunzitsa kwaya, omwe anakangana ndi malemuwo zaka ndi zaka pa nkhani yomweyi. Anayenda pang'onopang'ono ndi jekete lawo lakuda, anazula foni ija, anazulanso tchaja. Zii. Kenako anayang'ana ku bokosi n'kunena kuti, "Pepani achimwene, ndi mlendo." Mayi Muhiwa, amasiyewo, ndi amene anayamba kuseka, atafunda chitenje kumutu, mapewa akugwedezeka. Ife a kwaya tinatsatira. Mlendo uja anangoti kakasi, mpaka lero mwina amati anthu a ku Thuchila mitu yawo siyenda bwino.

A Muhiwa anali munthu wamfupi, wa makutu aakulu, ndipo ankanena okha kuti Mulungu anawapatsa makutuwo ngati malichero kuti azipeta mawu. Unyamata wawo wonse anagwira ntchito ya magetsi mu fakitale ya tiyi, pakati pa makina olira usana wonse. Atapuma anatenga kachipinda kuseri kwa golosale ya a Saidi, pa msika pomwepa, n'kuyamba kujambula nyimbo. Makwaya a mipingo yonse ankapita kumeneko, amayi a dawa a ku mzikiti ankapitanso, ngakhale munthu wofuna kutumiza uthenga wa ukwati kwa abale ake ku Mozambiki. Zida zawo sizinali zambiri ayi. Laputopu yakale imene mwana wawo anawatumizira, maiki awiri, sipika imodzi ya mabatire, ndi kabokosi kakuda kolowa m'thumba la malaya, kamene kamatenga mawu a munthu n'kuwasandutsa manambala oti laputopu isunge. Kabokosiko kanalibe batire, kanalibenso pulagi yakeyake. Kankadya kudzera pa chingwe chomwecho chopita ku laputopu, chija amati yuesibi. Moyo wonse wa a Muhiwa, ndewu zawo zonse, zinali pa chingwe chimenecho.

Zingwe zawo zinali pa misomali kukhoma, chilichonse msomali wake, chilichonse chomangidwa kansalu ka mtundu wake kuti asasokoneze. Ukapinda chingwe pa chigongono ngati ukupinda chingwe cha mbuzi, ankakulanda osanena kanthu, n'kuchipinda okha mozungulira bwinobwino, iwe uli chiimire pomwepo ndi manyazi. Tchaja chatsopano ankayamba achinunkhiza, kenako kuchiyeza kulemera m'manja. Chikapepuka ankati m'kati mwake mulibe kanthu koma bodza. Belu la njinga yawo analikulunga ndi mphira chifukwa linkachita phokoso m'mabampu, ndiye akafuna kudutsa munthu ankangoti "ngii ngii" ndi pakamwa, nkhope ili yosaseka. Masana ankadya nyemba za kalongonda za m'kambale ndi tiyi wopanda shuga, ndipo ankati masamba abwino onse anapita kunja, ife amene tinawathyola tinatsala ndi fumbi lake, koma fumbilo n'lathu.

Ndipo asanajambule nyimbo iliyonse ankayamba ajambula chete. Eya, chete. Kwaya yonse, azimayi makumi awiri ndi azibambo asanu ndi awiri, tithinane m'kachipinda kaja, thukuta lili kamukamu, iwo n'kuika chala pakamwa, n'kudina batani, tonse duu kwa kanthawi. Kenako ankatibwezera chete uja pa sipika, atakweza mpaka kumapeto. Ankati chete alipo wa mitundu iwiri, woyera ndi wakuda, ndipo nyimbo yothiridwa pa chete wakuda ili ngati madzi a pa mjigo otungira mu ndowa yosatsuka. Mu chete wakuda mumakhala kanthu kolira ng'iiii, kapyapyala, kobaya m'khutu. Iwo ankakatchula kuti udzudzu. Akaupeza udzudzu, tsiku limenelo simuyimba mpaka aupha.

Ine poyamba ndinkaona ngati ndi zamatsenga chabe za anthu okalamba. Tsiku lina ndinafunsa, mwamantha, poti ine ndimaopa chilichonse, kuti agogo, udzudzuwo umalowa bwanji mu chingwe chotsekedwa mbali zonse? Sanandiseke. Anatenga chingwe chakufa pa msomali wa pakona, anachidula ndi lezala, n'kundionetsa. M'kati munali timawaya tinayi, kofiira, kakuda, koyera, kobiriwira. Anati koyera ndi kobiriwira ndi amithenga, amanyamula mawu. Kofiira ndi kakuda ndi a kukhitchini, amanyamula chakudya cha kabokosi kaja. Onse anayi amagona m'nyumba imodzi. Ndiye chakudya chikabwera chakuda, kaya chachokera ku tchaja chabodza, kaya ku jenereta, kaya wina wabayapo foni n'kumalimbirana mbale yomweyo, kabokosi kamadya kakubuula, ndipo kubuula kwakeko kamakulemba pamodzi ndi nyimbo. Ndinamva. Ine amene masamu anandithamangitsa kusukulu, ndinamva.

Amene sankafuna kumva ndi aphunzitsi a Chikopa. Iwo anawerenga mabuku, ndipo ankati zimenezo zinali za nthawi ya makaseti.

"Achimwene," ankatero, "izi ndi za manambala. Wani ndi wani. Kaya mwamudyetsa zabwino kaya zoipa, akafika uko akadali wani."

"Sindikukana, aphunzitsi. Wani amafika ali wani."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Amamulemba ndani waniyo?"

"Kabokosi."

"Kali ndi njala kapena kakhuta?"

"Kabokosi sikamva njala!"

"Inu mukamalemba malipoti a ana m'mimba mukulira, dzanja limayenda chimodzimodzi?"

"Musandilowetsemo ine!"

"Mwalowamo kale. Chotsani tchaja chanucho, mwachigula kwa anthu a pa basi."

Zinkatha choncho nthawi zonse, aphunzitsi akuzula tchaja uku akung'ung'udza kuti laputopu ithima tisanafike ndime yachitatu, a Muhiwa akuyankha kuti ndiye muziyimba osalakwitsa. A Saidi ankaima pa khomo ndi sikelo m'manja kudzangoonerera, ati wailesi yawo inafa koma safunanso ina. Awiriwo akamaliza kukangana ankamwera tiyi kapu imodzi, mosinthana, chifukwa m'chipindamo kapu inali imodzi yokha.

Lamulo lalikulu linali la mafoni. Kuno ambiri magetsi tilibe m'nyumba, ndiye munthu ukaona bowo lililonse lolowa chingwe mtima umadumpha. Azimayi a kwaya tinkabwera aliyense kachingwe kake m'chitenje, maso ali pa laputopu ngati nkhuku zaona mphale. A Muhiwa anaika lichero pakhomo. Foni iliyonse mu lichero, kaya ndiwe mkazi wa abusa. Anatiuza kuti laputopu yawo si chitsime. Pansi pa tebulo panali kachipangizo ka mabowo anayi kamene kabokosi kaja kankalumikizidwako, mabowo atatu ali pululu, ndipo tonse tinkawadziwa mabowo amenewo, tinkawalota, koma panalibe amene anayesapo.

Anayesa ndine.

Apa ndiyenera kunena zanga pang'ono, zochepa. Mwana wangayu, Tiyamike, ali ndi miyezi isanu ndi itatu anadwala, thupi kutentha masiku angapo, ndipo atachira anasiya kutembenuka ndikamuitana. Ndinkaima kumbuyo kwake n'kunena kuti Tiya, Tiya, iye ali phee kuseweretsa zala zake. Ndinkagwetsa chivundikiro cha poto dala. Nthawi zina ankadzidzimuka, nthawi zina ayi, ndiye sindinkadziwa ngati wamva kapena wangoona mthunzi wanga. Apongozi anga ankawomba m'manja pafupi ndi khutu lake n'kupukusa mutu. Kumjigo azimayi ankasiya kuyankhula ndikafika. Ine kudya kunandikanika. Ndinkamuyang'ana mwanayu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuyang'ana khutu, kuyang'ana diso, kuyang'ana ngati khosi ligwedezeka galu akauwa, tambala akalira, njinga yamoto ikadutsa. Kuchipatala anandipatsa kalata yopita ku Blantyre kwa oyeza makutu, n'kunena kuti adzandiimbira foni kundiuza tsiku. Kuyambira pamenepo foni yanga inasanduka mwana wachiwiri. Ikatsala ndi kamzere kamodzi ka moto ndinkangodzifunsa kuti bwanji akaimba itathima, n'kupatsa tsiku langa munthu wina?

Sabata imeneyo kunagwa chiperoni masiku anayi. Phiri silinkaoneka n'komwe, dzuwa osatuluka, masola onse a m'mudzi anagona, ndipo magetsi a pa msika anali atathima kuyambira dzana lake. Kwaya tinali ndi nyimbo zitatu zoti tijambule za ku msonkhano wa amayi a chigawo chonse. A Muhiwa anali atasunga moto mu laputopu ngati munthu wosunga mbewu. Ine ndinafika foni itathima kale kuyambira m'mawa. Pakhomo, pa lichero, ndinadutsa ndi nkhope yowongoka, foni ili m'chitenje pamimba ngati ndaba nkhuku.

Malo anga anali kumbuyo, kufupi ndi tebulo, Tiya ali kumsana. Tinajambula chete. A Muhiwa anakweza sipika kuti timve, ndipo anali woyera, woyera ngati m'tchalitchi Lolemba. Anthu onse maso anali kutsogolo. Ine ndinagwada ngati ndikukonza mbereko, dzanja linapita lokha pansi pa tebulo, ndinapapasa bowo, ndinabaya.

Ng'iiii.

Unatuluka mu sipika udzudzu wonenepa, chifukwa sipika inali idakali yokwezedwa ndipo maiki anali otsegula. Atsikana a kutsogolo anagwira makutu. Koma ine zimenezo sindinazione bwino, chifukwa kumsana kwanga kunachitika chinthu. Mwana anadumpha. Ndinamva ndi msana wangawu, thupi lake lonse linati gwedeze, mutu unachoka pa phewa langa lamanzere pamene anautsamiritsa n'kupita kumanja, kumene kunali sipika. Kenako analira, kulira kwa mkwiyo, ngati munthu amene wadzutsidwa ndi chinthu chomunyansa.

"Wabaya foni ndani?"

Anali a Muhiwa. Sankayang'ana ife, ankayang'ana pa laputopu pamene kamzere kobiriwira kanali katadumpha. Chipinda chonse zii, kupatula udzudzu ndi mwana. Ndinati, "Ndine, agogo, pepani, ndi a chipatala, ndimadikira a chipatala, ndizula pompano."

Anatembenuka, pakamwa atakonza kale mawu, ndinawaona mawuwo akubwera. Koma maso awo anadutsa nkhope yanga n'kukaima pa mwana. Nkhani ya Tiya ankaidziwa, Thuchila yense ankaidziwa. Anayang'ana mwana, anayang'ana sipika, anayang'ananso mwana.

"Usazule, mwanaka," anatero. Mwanaka ndiye kuti mwana wanga, m'chilomwe cha makolo awo, ndipo ankalitchula pokhapokha zinthu zikafika pa mtima. "Usazule. Tembenuka, mwanayo ayang'ane kukhoma. Aphunzitsi, bwerani kuno, gwadani pansi pa tebulo."

"Ndigwade? Ndi buluku ili?"

"Gwadani, bulukulo ndi la kaunjika. Ndikakweza chala muzule, ndikatsitsa mubaye. Enanu pasapezeke wotsokomola."

Aphunzitsi anagwada. Anazula. Udzudzu unafa. Tiya analira pang'ono n'kuleka, anabwezera mutu pa phewa langa, akupuma mwa befu. Tinadikira. Ine ndinkangoona khoma ndi zingwe zili pa misomali, sindinkaona chala cha a Muhiwa, mwananso sankachiona. Ndinkawerenga misomali kuti ndisagwe. Ndili pa msomali wachisanu ndi chimodzi, ng'iiii, ndipo mutu uja unadzukanso, n'kutembenukira ku sipika, kamwa likukonzeka kulira.

Mayi wina anayamba kanthungululu, a Muhiwa anamuletsa ndi dzanja. Anabwereza kachitatu. Chimodzimodzi.

Ndiye kuchokera pansi pa tebulo kunamveka mawu a aphunzitsi. "Achimwene, mwina akumva ine ndikamasuntha, kapena akumva mayi ake akamauma thupi. Ulendo uno tsitsani chala, ine ndisuntha koma sindibaya. Tione."

A Muhiwa anati, "Zaka zonsezi lero ndiye mwayankhula zanzeru."

Anatsitsa chala, aphunzitsi anasuntha, anagogoda ngakhale mwendo wa tebulo pang'ono, ine ndinauma thupi ngati mtengo. Mwana phee, akuyamwa chala. Tinadikira, tinadikira. Kenako osauza munthu aphunzitsi anabaya zenizeni. Ng'iiii. Tiya anatembenuka ndi ukali wonse, n'kukuwa, ndipo ulendo uno anatambasula dzanja kuloza ku sipika ngati akuti chotsani chinthu chanucho.

Zimene zinachitika pambuyo pake sindingazilembe mwa dongosolo. Nthungululu zinang'amba denga. Wina anandikumbatira ndi mwana yemwe, wina anamasula mbereko n'kumukweza Tiya m'mwamba iye akulirabe ndi mkwiyo, azimayi anayamba nyimbo imene sitinakonzekere n'komwe, azibambo akupondaponda pansi fumbi kuti koboo, a Saidi analowa ndi sikelo yawo akufunsa kuti kwagwanji, atauzidwa anathamanga kukatenga mabisiketi paketi yonse n'kumagawira aliyense. Aphunzitsi anatuluka pansi pa tebulo mawondo ali mbuu, magalasi atapindika, akuseka ngati mwana. Ine ndinakhala pansi. Ndinangokhala pansi pa simenti n'kumanena kuti wamva, wamva, wamva, ngati ndine amene ndinali wosamva.

A Muhiwa sanavine. Anadikira phokoso litsike, n'kugwada pafupi nane, mawondo awo akulira. Anati, "Tamvera, mwanaka. Ine si dokotala, ine ndi wa zingwe. Chimene taona n'chakuti khomo silinatsekeke lonse. Ku Blantyre upitebe, wamva? Usakati agogo anandiyezera kale." Ndinavomera ndi mutu. Kenako ananena chinthu chimene palibe ankachidziwa. Anati mwanayu wawaposa, chifukwa udzudzu umenewo iwo anasiya kuumva kalekale. Makina a ku fakitale anawadyera mawu onse opyapyala. Ankaudziwa poona kamzere pa laputopu, ndi poona nkhope za atsikana a kutsogolo zikamakwinyika.

Aphunzitsi anavula magalasi. "Achimwene! Zaka zonsezi mwakhala mukundizulitsa tchaja pa chinthu choti simuchimva?"

"Inu munachimvapo?"

"Ine... ayi."

"Ndiye tonse ndife agonthi, koma ine ndimakhulupirira ana."

Anthu anagwa nacho chiseko. Laputopu inathima tisanajambule nyimbo ngakhale imodzi, moto wonse unathera pa mwana wanga ndi foni yanga, ndipo palibe anadandaula. Tinadzajambula Loweruka lotsatira dzuwa litabwerera.

Foni ya a chipatala inabwera patapita masiku asanu ndi limodzi, ndipo inapeza foni ili ndi moto wodzadza, chifukwa kuyambira tsiku lija a Muhiwa anandikonzera malo angaanga. Osati pa laputopu, zimenezo sanasinthe mpaka imfa. Anatenga batire yakale ya njinga yamoto, anailumikiza mwa nzeru zawo, anaiika pa shelefu kutali ndi tebulo, n'kulemba ndi choko pakhoma kuti FONI YA AMAKE TIYA. Azimayi ena anachita nsanje, iwo anawauza kuti aliyense abwere ndi kalata ya dokotala. Ku Blantyre anapeza kuti m'makutu mwa mwana munatsalira madzi chidwalire muja. Anamuthandiza. Lamanja linatseguka bwinobwino, lamanzere mpaka pano limachedwa, ndipo timapitabe kukaonetsa. Mantha sanandichoke onse, ndisaname. M'mawa uliwonse ndimaima kumbuyo kwake n'kunong'ona dzina lake, ndipo mpaka atatembenuka ine sindipuma. Koma amatembenuka. Masiku ano amatembenuka n'kunena kuti, "Amama, mwayambatu."

Kuchokera pamenepo a Muhiwa anamupatsa Tiya udindo. Ankamutchula kuti bwana insipekitala. Tikajambula chete ankamunyamula n'kumuyandikitsa ku sipika, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Bwana, muli udzudzu?" Mwana akaseka, ankati tayimbani. Atayamba kuyenda ankalowa m'chipindamo yekha, kukoka zingwe za m'munsi, ndipo munthu amene ankalanda chingwe mkazi wa abusa ankangomuyang'ana n'kumati musiyeni, akuyendera ntchito. Anamuphunzitsa kuika chala pakamwa. Mawu oyamba amene Tiya ananena bwinobwino, kupatula amama, anali akuti "chete", ndipo anawanena m'tchalitchi abusa ali pakati pa ulaliki.

Panali chinthu china chimene ndinadzachidziwa mochedwa. A Muhiwa sankasunga chojambulidwa chakuda. Nyimbo ikalowa udzudzu ankaifufuta pomwepo, ngakhale muyimbe bwino chotani, ngakhale mulire. Kwaya ina ya kutsidya kwa mtsinje inawakwiyira chaka chathunthu chifukwa cha zimenezo. Koma tsiku lija, m'chipwirikiti muja, anali atadina batani lojambulira aphunzitsi asanagwade n'komwe, ndipo zonse zinalowa mpaka pamene laputopu inathimira. Atamwalira, Mayi Muhiwa anandiitana n'kundipatsa kamemori kokulungidwa mu kapepala. Anati bambo anasiya mawu kuti aka n'ka amake Tiya. Ndinakaika mu foni. Muli udzudzu, ng'iiii, wonyansa kwambiri, kenako mwana akulira, kenako aphunzitsi akudandaula za buluku, kenako zii, kenako udzudzu, kenako nthungululu zosokosa moti sipika ya foni imanjenjemera. Chapansipansi, ukamvetsera bwino, mumamveka munthu wokalamba akuseka yekha, kuseka kwa m'mphuno, pafupi ndi maiki. Ife tonse tinkati sanaseke tsiku limenelo.

A Muhiwa anadwala masabata awiri okha. Ine ndinapita kukawaona kamodzi ku chipatala, ndinapeza akudandaula kuti kamakina ka pafupi ndi bedi lawo kali ndi waya wopindidwa molakwika, ndipo anapempha namwino kuti awalole aukonze. Namwinoyo anawalola. Anandifunsa za khutu lamanzere la bwana insipekitala, ndinati likubwera, anati lisafulumire, zinthu zabwino zimalowa ndi chingwe chachifupi koma moleza. Sindinamvetse, mwina anali atatopa, mwinanso ankangondiseka.

Dzulo, pokumbukira chaka, ndinapita ku kachipinda kaja ndi mwana. A Saidi sanaikemo munthu wina, ati akufuna kusungiramo matumba a nandolo koma chaka chatha matumbawo ali pakhonde. Anandipatsa kiyi osafunsa kanthu. Laputopu ndi kabokosi anatenga aphunzitsi, ndiwo akujambula makwaya tsopano kunyumba kwawo, ndipo ndikumva kuti lichero lawo la mafoni ndi lalikulu kuposa lija, ndiponso amanunkhiza matchaja. M'chipindamo mwatsala tebulo, kapu ija yafumbi pawindo, ndi misomali. Pansi pa msomali uliwonse pali chizungulire choyera pamene chingwe chinkatchinga fumbi, ndiye khoma lonse lili ngati lajambulidwa miyezi. Choko chija chikuonekabe, FONI YA AMAKE, dzina la mwana linafufutika ndi chinyezi. Pa msomali wa pakona pokha ndi pamene patsala chinthu, chingwe chodulidwa chija, timawaya tinayi tili panja, kofiira, kakuda, koyera, kobiriwira.

Tiya analowa patsogolo panga. Anayenda mpaka pakati, anayang'ana uku ndi uku, n'kuitana kuti, "Gogo!" Ndinafuna kumunyamula tizipita, koma iye anatembenuka, anaika chala pakamwa, n'kundiyang'ana ndi nkhope yosaseka ngati ya munthu wina amene ndimamudziwa. Ndinaima duu. Tinamvetsera tonse awiri, iye atapendeketsa mutu, khutu lamanja kutsogolo. Panja msika unkasokosa, koma m'katimo munalibe kanthu, ngakhale kaudzudzu kamodzi. Anali chete woyera, wongodikira kuti wina ayambe nyimbo.